Kodi luso lochokera m'chilengedwe limayambira pati?

Mphunzitsi wa zaluso, Kasungu:

Akuluakulu ndi amisiri nonse, ndabwera kudzapempha nzeru. Ndimasonkhanitsa achinyamata a m'dera lathu Loweruka lililonse kuti aphunzire kuumba, kusema ndi kukongoletsa nsalu, ndipo ambiri mwa iwo manja awo ndi abwino ndithu. Chimene chikundivutitsa maganizo n'chakuti ndikawauza kuti apange chinthu chochokera m'chilengedwe, onse amabweretsa njovu, mvuu ndi mlambe woima kutsogolo kwa dzuwa lolowa, mofanana ndendende ndi zimene amaziona pamisika ya ziboliboli ku Lilongwe kapena ku Senga Bay. Njovu zenizeni zili pafupi nafe kuno kunkhalango ya Kasungu, koma njovu imene iwo amasema aitengera kwa wosema mnzawo, amenenso anaitengera kwa wina.

Inu amene ntchitoyi ndiyo imakudyetsani, mumayambira pati? Kodi mumayamba mwajambula papepala chimene mwaona kutchire, kapena mumangogwira dongo kapena mtengo n'kuona kumene kukufikitseni? Ndikufunanso kudziwa chifukwa chimene mbiya zathu zambiri zimang'ambikira pamoto, ndiponso ngati utoto wa kumitengo ungakhalitse pansalu ya thonje.

Woumba mbiya, Dedza:

Aphunzitsi, mwafunsa bwino. Kwa ine ntchito imayambira kudambo kumene ndimakumba dongo, chifukwa dongolo ndilo chilengedwe choyamba chimene mwana ayenera kuchidziwa asanaganize za nyama ina iliyonse. Atengeni anawo akakumbe okha. Aone kuti dongo la pamwamba lili ndi mizu ndi zinyalala, kuti lakuya ndilo lomata, ndiponso kuti la pachulu silifanana ndi la m'mphepete mwa mtsinje. Akabwera nalo alinyike, achotse timiyala ndi zala, aliponde, kenako alikulunge kuti ligone masiku angapo, pakuti dongo logona limamvera dzanja kuposa longokumbidwa kumene.

Za kung'ambikazo, zifukwa zake zimakhalapo mbiya isanafike n'komwe pamoto. Dongo lomata kwambiri limafota likamauma, kawirikawiri pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a msinkhu wake, ndipo ngati mlomo wauma msanga pamene pansi pakadali ponyowa, mng'alu wayamba kale ngakhale diso silikuuona. Amayi athu ankasinja mapale a mbiya zakale n'kusakaniza ufa wakewo m'dongo latsopano, ena ankathiramo mchenga wosefa, ndipo njira imeneyi siinathe ntchito mpaka lero. Muziumitsa pamthunzi posawomba mphepo, muonetsetse kuti khoma la mbiya n'lofanana kunenepa kwake ponseponse, ndipo tsiku lotentha muziyamba mwaziwamba pafupi ndi moto pang'onopang'ono. Madzi otsalira m'kati mwa dongo akasanduka nthunzi mwadzidzidzi, ndiwo amaphulitsa mbiya. Moto wathu wa makungwa ndi udzu umafika pakati pa madigiri 600 ndi 900, pamene mauvuni a ziwiya zolimba zonga za ku Dedza Pottery, imene inayamba mu 1987, amapitirira madigiri 1200. Choncho musayembekezere kuti mbiya ya panja idzanyezimira ngati kapu ya kumeneko. Kukongola kwake n'kwina: mawanga akuda amene utsi umasiya, kufiira kwa katondo, ndi kusalala kobwera ndi nkhulungo pamene dongo layamba kuuma.

Tsono za maonekedwe. Ine sindijambula papepala. Ndimaika chinthucho pafupi ndi pamene ndikuumbira, kaya chigoba cha nkhono, dzaye kapena chipatso cha mlambe, ndipo ndimasankhapo chinthu chimodzi chokha, mwina mmene nkhono imapotokera kapena mmene dzaye lafufumira mbali imodzi. Zipangizo zathu nazonso n'zakutchire ndi zakumunda: chitsononkho chimasiya mizere yake, chigoba chimapala m'kati, ndipo tsamba lokhala ndi mitsempha yooneka likakanikizidwa padongo lofewa limasiya chithunzi chimene mpeni sungachilembe. Ngati mungathe, kawaonetseni zojambula za m'mapanga a Chongoni, malo 127 amene UNESCO inawaika pamndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Nyama zoyera zimene makolo athu Achewa anajambula kumeneko ndi dothi loyera zambiri zinatambasulidwa ngati mukuziona kuchokera pamwamba, ndipo palibe amene anavutika kuwerenga mamba kapena zikhadabo, koma zamoyo zimenezo zimaoneka kuti zili ndi mphamvu.

Mmisiri wosema, Salima:

Ndikugwirizana ndi amayi a ku Dedza pa zambiri, koma ndikufuna kuikira kumbuyo anyamata a njovuwo. Aphunzitsi, mwana amene akusema njovu yofanana ndi ya pamsika waona kuti njovuyo ndiyo imagulidwa, ndipo sanalakwe kuganizira za chakudya cha mawa. Komanso kubwereza chinthu chimodzi kambirimbiri ndiko kumaphunzitsa dzanja kugwira kasemasema ndi tchizulo. Musawaletse, apatseni ntchito ina yapambali imene saifulumira kuigulitsa.

Pantchito yachiwiriyo, lamulo likhale lakuti mtengo ndiwo uyambe kusankhidwa, chosemacho chibwere pambuyo. Ine ndimatola zitsa, mizu yokokoloka ndi madzi ndi nthambi zakugwa, ndipo ndimaziimika pakhonde kwa miyezi ndikuzitembenuza, kuti ziume bwino ndiponso kuti ndione zimene zili m'kati mwake. Mphanda ikhoza kukhala miyendo ya kakowa, mfundo ikhoza kukhala diso la kadzidzi, ndipo muzu wopindika sufuna kuuwongola kuti ukhale njoka kapena mlamba. Mtengo wauwisi umasemeka mosavuta, choncho ena amayamba kuuchepetsa ukadali wotero, koma kumaliza kumadikira kuti uume, apo ayi ung'ambika motsatira mtima wake. Kumapeto kwa chipika muzipakako phula kapena penti yotsala kuti madzi asatuluke mofulumira.

Mtundu uliwonse uli ndi khalidwe lake. Phingo ndi wakuda m'kati, woyera chachikasu kunja, ndipo wosema wanzeru amasiyako mbali yoyerayo kuti ikhale chifuwa cha nkhwazi m'malo moipaka polishi ya nsapato. Mlombwa uli ndi mizere yofiirira yoyenda ngati madzi, ndipo sufumbwa msanga. Koma apa ndipo pali nkhani yowawa, chifukwa phingo amatenga zaka 70 kapena kuposerapo kuti akhwime, akufunidwanso kunja popangira zitoliro za oimba, ndipo kuyambira mu 2017 malonda ake a kunja ali pansi pa malamulo a CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zimene zingathe kutheratu. Mkungudza wa kuphiri la Mulanje, mtengo wa fuko lathu, unatha pafupifupi wonse ndi macheka. Sindiona nzeru kusema mbalame yokongola kuchokera mumtengo womaliza umene mbalameyo ikanamangapo chisa. Ana aphunzirire pa mango, jakaranda ndi malaina, ndipo aliyense wogwira tchizulo adzale mbande.

Amene akufuna kuona kuti wosema wa kuno angathe kuchoka panjovu za pamsika apite ku Mua, ku KuNgoni, malo amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, kumene amisiri amasema chipika chimodzi mozungulira n'kutulutsamo anthu, nyama ndi nthano zathu. Ku Tengenenge, pafupi ndi Guruve ku Zimbabwe, kumene kusema miyala kunayamba mu 1966 pafamu ya Tom Blomefield, ambiri mwa osema oyamba anali antchito a m'minda ya fodya ochokera ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi Angola, ndipo iwonso ankayamba aupenda mwalawo asanaukhome.

Wokongoletsa nsalu, Chipata:

Moni nonse kuchokera kuno ku Zambia. Aphunzitsi, utoto wa kumitengo umakhalitsa pathonje pokhapokha nsaluyo ikakonzedwa, pakuti thonje siligwira utoto msanga ngati ubweya wa nkhosa. Muyambe mwaiwiritsa ndi sopo kuti muchotse sitachi ya kufakitale, kenako muinyike m'madzi a makungwa owawa okoka m'kamwa, ndipo ngati mungapeze alum, mchere wothandiza utoto kugwira pansalu, kusitolo ya mankhwala, muinyikenso mmenemo. Makoko a anyezi amapereka chikasu, nthangala za mapeyala zimapereka kufiira kotuwa, ndipo madzi amene munanyikamo misomali yadzimbiri amadetsa nsalu yonyikidwa kale m'makungwa mpaka kufika pakuda. Mitundu imeneyi siikuwa ngati ya chitenje cha m'sitolo, ndipo imafuna kuyanikidwa pamthunzi. Makungwawo muzitenga kumitengo yogwetsedwa kale, chifukwa kusenda mtengo mozungulira n'kuupha.

Pali njira ina imene ana amaikonda, yomwe imagwiritsidwa ntchito ku Tribal Textiles ku Mfuwe: amalemba pansalu ndi phala la ufa wa tirigu, amaumitsa padzuwa, amapaka utoto pakati pa mizereyo, amatenthetsa nsaluyo kuti utoto ugwire, ndipo potsiriza amachapa n'kupala phalalo, mizere yoyera n'kutsala. Phala likamauma limang'aluka pang'ono, utoto n'kulowa m'ming'alumo, ndipo zimenezo si zolakwika ayi.

Ine ndimasiyana ndi amayi oumba mbiya pa nkhani ya pepala. Pansalu chithunzi chimabwerezedwa, choncho ndimajambula kaye, ndipo ndimajambula kachigawo kokha: madontho a nthenga ya nkhanga mmene amacheperachepera kumapeto, mizere ya nsomba za mbuna za m'nyanja yanu, kapena nyemba za mtengo wa tsamba zitapotoka zitaphulika m'mwezi wa Okutobala. Mwana akajambula nkhanga yathunthu amatengera imene anaiona pachitenje, koma mukamupatsa nthenga imodzi m'manja alibe kotengera kwina koposa nthengayo.

Mphunzitsi wa zaluso, Kasungu:

Zikomo kwambiri amayi, bambo ndi achemwali a ku Chipata. Ndaona kuti mbiya zathu tinkaziyanika padzuwa pabwalo la sukulu ndipo m'dongo simunali mapale, choncho tiyambira pamenepo. Bambo a ku Salima, njovu sindiziletsa monga mwanenera. Loweruka likubwerali aliyense abwera ndi chinthu chimodzi chotola panjira chokwana m'chikhatho, ndipo tidzayamba ulendo wa kudambo dzuwa lisanatenthe. Amayi a ku Dedza, ndikupemphani mundiuzeko kuti mapale osinjawo muthira ochuluka bwanji.

Woumba mbiya, Dedza:

Yambani ndi dzanja limodzi la mapale pa manja anayi a dongo, kenako pindani kachingwe ka dongolo pachala. Kakathyoka ndiye kuti mapale achuluka, ndipo kakamata m'manja n'kukana kuchoka muwonjezere pang'ono. Umbani timbale titatu tosiyana muyezo, mutilembe zizindikiro pansi, mutitenthe pamoto umodzi musanaike mbiya zazikulu za anawo.