Sopo wosambitsira galu wopangira pakhomo

Wa ku Mbare: Abale, sopo wa agalu wadula muno mu Harare. Galu akamadzikanda, tingamusambitse ndi chiyani?

Wa ku Mufakose: Perani kapu imodzi ya oats ikhale ngati ufa, musakanize ndi theka la kapu ya soda wophikira ndi lita imodzi ya madzi ofunda. Mpakeni mpaka pakhungu, osati m'maso kapena m'makutu. Pakatha mphindi 5 mutsukuluze bwinobwino, zotsalira zimayabwitsa.

Wa ku Highfield: Sopo wotsukira mbale ayi, achimwene. Amachotsa mafuta a khungu, kuyabwa n'kuwonjezeka. Kamodzi pamwezi n'kokwanira, ndipo mu June ndi July musambitseni masana kukatentha.

Wa ku Dzivarasekwa: Yang'anani kaye utitiri ndi nkhupakupa. Oats amangotonthoza khungu, sapha tizilombo. Zimenezo zimafuna mankhwala a kwa vetenale.