Bafa yaing'ono yamdima kuno ku Zomba, ndipake penti wa mtundu wanji?

Nachisale wa ku Sadzi:
Moni nonse pa gulu, ndithandizeniko nzeru. Tamanga bafa ya m'nyumba, yaing'ono, mamita awiri mulitali, mita ndi theka mulifupi. Matailosi oyera taika pa shawa pokha, ndalama zinathera pomwepo, kwina konseko ndi pulasitala. Zenera ndi limodzi, lachitsulo, lili m'mwamba, ndipo dzuwa sililowa chifukwa cha mpanda wa aneba. Chitseko ndi felemu yake n'zamatabwa.

Bambo akunyumba akuti tipake buluu woderapo, ati saonetsa litsiro. Ine ndikufuna woyera kapena kirimu kuti muziwala. Koma Zomba mukuidziwa chinyontho chake. Kumene tinkachita lendi ku Chinamwali bafa inali ya kirimu, mvula ikangofika pakati m'makona monse munkada bii ndi nguwi, penti n'kumatupa matuza. Ndiye makoma ndipake mtundu wanji, nanga felemu ndi chitseko? Penti wake wa madzi kapena wa mafuta?

Che Jafali Penta:
Mayi, za mtundu zidikire kaye. Pulasitalayo amumaliza liti?

Nachisale wa ku Sadzi:
Patha sabata ziwiri, bambo.

Che Jafali Penta:
Ndiye musapake. Pulasitala watsopano amafuna masiku osachepera 28, ndipo kuno kunsi kwa phiri, chipinda chopanda dzuwa ngati chimenecho, muwonjezerepo. Kuti mudziwe, dulani kapulasitiki ka jumbo, mukamate pa khoma ndi selotepi mbali zonse zinayi, kagone mpaka mawa. Mukapeza kuseri kwake kwachita thukuta kapena pakhomapo pada, madzi akadali mkati. Matuza munawaona ku Chinamwali aja nthawi zambiri amabwera choncho: khoma lili lonyowa, munthu n'kulitseka ndi penti wa mafuta, madziwo n'kusowa potulukira. Mukaonanso ufa woyera ngati mchere ukutuluka, upukuteni ndi bulashi youma, osati ndi madzi. Khoma likauma, yambani ndi plaster primer, penti woyambira wa pa pulasitala watsopano. Anthu ambiri amaidumpha, amangosungunula penti wa madzi uja wa PVA ndi madzi ambiri n'kumati ndi andakoti, penti wa pansi. Pabalaza zimatheka, m'bafa ayi.

Mayi a Takondwa:
Buluu woderayo musalole, achemwali. Amuna amaona litsiro lakuda lokha, saganiza za sopo. Thovu likauma pa khoma lakuda limasiya mizere yoyera yotsetsereka, mudzakhala mukupukuta tsiku ndi tsiku. Komanso magetsi akathima m'mawa mudzasamba ngati muli m'phanga. Kwathu ku Matawale tinapaka wotuwa wopepuka kwambiri, woyandikira ku woyera, felemu ndi chitseko wotuwa woderapo. Ndi matailosi oyera zimagwirizana bwino zedi. Kirimu pafupi ndi matailosi oyera amaoneka ngati woyera amene wada, chenjerani naye.

Achimwene a Dalitso:
Kkkk nkhani yafika pa gulu bambo osadziwa. Apatseni chitseko chokha apake buluu wawoyo, mtendere ubwere pakhomo.

Nachisale wa ku Sadzi:
Achimwene mukuseka koma mwina ndi nzeru imeneyo. Nanga felemu ndikapaka yoyera kuti ifanane ndi matailosi?

Che Jafali Penta:
Gloss woyera wa mafuta amasanduka wachikasu m'chipinda chosalowa dzuwa. Mukafuna umboni yang'anani kuseri kwa chitseko cha kabati yopakidwa woyera, kapena kumene kumabisika ndi chitseko chikatsekedwa. Poti matailosi sasintha, kusiyanako kudzaonekera msanga. Ngati mukufunitsitsa woyera funsani enamel wa madzi, Plascon ndi Dulux ali naye, kungoti si hadiweya iliyonse m'tauni muno imene imasunga. Apo ayi felemu ikhale ya mtundu woderapo. Ndipo chitseko chamatabwa muchipake ndi kunsi komwe, kumene kumayang'ana pansi. Mpofunika kuchichotsa pa mahinjesi. Madzi amalowera kumeneko, chimatupa, January mudzachita kukankha ndi phewa. Zenera lachitsulo lipalidwe dzimbiri ndi sandipepa, lipakidwe kaye red oxide, penti woteteza chitsulo ku dzimbiri.

Gogo Nasibeko:
Ana inu mukuvutika ndi zambiri. Nyumba zakale za boma za muno, kuyambira nthawi imene Zomba inali likulu 1975 isanafike, ngakhale m'zipatala ndi m'masukulu, ankagawa khoma pawiri. Pansi penti wa mafuta wobiriwira kapena wotuwa mpaka m'chifuwa, pamwamba woyera, pakati kamzere kowongoka. Pansipo umatsuka ndi kansanza, pamwamba khoma limapuma. Sanali opusa anthu aja.

Mayi a Takondwa:
Agogo nzeruyo ndi yabwino koma wobiriwira uja ayi, bafa idzaoneka ngati ku wodi kkkk. Agawe pawiri koma mitundu ikhale ya masiku ano.

Bambo Mbewe wa ku Chikanda:
Ine ndili ndi nyumba za ana a sukulu a ku Chanco, mabafa ndimapentetsa pafupipafupi. Nguwi sisankha mtundu. Pa penti wakuda imangobisala, fungo lokha ndiye limakuuzani. Chimene chimathandiza ndi mpweya. Muboole air vent pamwamba pa khoma, zenera lizikhala lotsegula mukatha kusamba, chitseko muchidule pang'ono kunsi. Nyengo ya chiperoni, June ndi July, thaulo limatha tsiku lonse osauma, ndiye khoma lingaume lotsekeredwa? Nguwi ikayamba, kapu imodzi ya Jik m'makapu anayi a madzi, pakani, dikirani pang'ono, tsukani. Osasakaniza Jik ndi mankhwala otsukira chimbudzi, mpweya wake ndi woopsa, makamaka m'kachipinda kotero.

Anaphiri:
Nkhani ya gulopu palibe waitchula. Mtundu umene mukuuona pa kapepala ku shopu si umene mudzauone kwanu. Gulopu wa kuwala koyera amapangitsa wotuwa kuoneka ngati buluu, wa kuwala kwachikasu amamufewetsa. Gulani ka lita imodzi, mupake kachigawo pafupi ndi matailosi, kaume, mukaone masana ndi usiku.

Nachisale wa ku Sadzi:
Zikomo nonse. Ndiye ndikuganiza zotere: tidikire khoma liume, primer, pamwamba ndi siling'i woyera, pansi wotuwa wopepuka wotsukika, chitseko ndi felemu buluu wa bambo. Che Jafali, penti ndigule wochuluka bwanji?

Che Jafali Penta:
Lita imodzi imakwana pafupifupi masikweya mita 8 mpaka 10 pa koti imodzi, pulasitala wokhakhala amamwa kuposa apo, werengani pa chitini. Kwa bafa yanuyo, makoti awiri, chitini cha malita 5 cha woyera chikwana pamwamba ndi siling'i n'kutsalako, pansipo malita awiri, chitseko ndi felemu lita imodzi. Woyerayo akhale acrylic wotsukika, osati PVA wotchipa wa m'chidebe chachikulu. Siling'i yanu ndi ya bolodi kapena ya pulasitiki? Ngati ndi ya bolodi mundiuze, imafuna andakoti yakeyake.

Nachisale wa ku Sadzi:
Ndi ya bolodi, bambo. Ndijambula madzulo ndiike pompano muone.