Mabala akuchita mafinya pambuyo pa opaleshoni yotulutsa mwana: kodi tikulakwitsa pati?

Sisita wa wodi ya amayi obereka

Akuluakulu ndi anzanga nonse pantchito, ndabwera ndi vuto limene latisowetsa mtendere m'wodi mwathu kwa miyezi itatu tsopano. Amayi amene achitidwa opaleshoni yotulutsa mwana akumatuluka m'chipatala tsiku lachitatu kapena lachinayi bala likuoneka bwinobwino, koma pakatha sabata imodzi ena akumabwerera bala litatupa, likutentha ndiponso likuchucha mafinya. Sabata yathayi ndinamasula bandeji ya mayi wina wachichepere, ndipo nditangosindikiza pang'ono m'mphepete mwa bala, khungu linalekana pakati pa ulusi, mafinya onunkha n'kuyenderera mpaka pansalu yoyala pabedi. Mayiyo, mwana wake ali m'manja, anandifunsa motsitsa mawu ngati iye ndiye analakwitsa posamba, ndipo ine ndinasowa chomuyankha.

Titakambirana ndi madokotala athu tinagwirizana zoti mayi aliyense azilandira mankhwala opha tizilombo (antibayotiki) a ceftriaxone ndi metronidazole kwa masiku asanu atachoka ku theatre, komanso kuti tizitsuka mabala kawiri pa tsiku. Mankhwala akutha msanga, ntchito yachuluka, koma amayi akubwererabe. Ndikupempha amene munakumanapo ndi zoterezi kuti mutiunikire pamene tingayambire.

Wogonetsa odwala ku theatre

A Sisita, pepani ndi zimenezi. Musanapitirize kuwerenga masiku amene mayi akulandira mankhwala atatuluka mu theatre, ndikupemphani kuti mufufuze chinthu chimodzi chokha m'mafayilo a amayi amene abwererawo: jakisoni woyamba wa antibayotiki anaperekedwa nthawi yanji, ndipo mpeni unakhudza khungu nthawi yanji? Ndikufunsa motero chifukwa tizilombo timalowa m'bala pa nthawi imene mimba ili yotsekula, choncho mankhwala ayenera kukhala atafika kale m'magazi ndi m'minofu dokotala asanacheke. Jakisoni wobayidwa mayi atasokedwa kale amapeza tizilombo titakhazikika.

Sisita wa wodi ya amayi obereka

Zikomo bambo. Ndatulutsa mafayilowo masana ano ndipo ndachita manyazi ndi zimene ndapeza. Pa ambiri mwa iwo palembedwa kuti mankhwala aperekedwa, pali siginecha, koma nthawi palibe. Pamene nthawi yalembedwa, ikusonyeza kuti jakisoniyo tinabaya ifeyo kuwodi mayi atabwerako kale, ndipo mnzanga wogwira usiku wandiuza kuti ku theatre ena amadikira kaye kuti mwana atuluke ndi kudula mchombo, akuti kuopa kuti mankhwala angafike kwa mwana.

Dokotala wa opaleshoni

A Sisita, mwachita bwino kunena zoona zake, chifukwa pamenepa ndi pamene pagona nkhani. Chizolowezi chodikira kudula mchombo ambirife tinaphunzitsidwa kusukulu, ndipo inenso ndinachitsatira kwa zaka zingapo, koma kafukufuku anasonyeza kuti kupereka mankhwala khungu lisanachekedwe kumachepetsa matenda a bala ndi a chiberekero, popanda vuto looneka kwa khanda. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti pa opaleshoni imeneyi mayi alandire antibayotiki kamodzi kokha, mphindi 30 mpaka 60 asanachekedwe, ndipo akhale wa gulu la cefazolin kapena wa gulu la penicillin monga ampicillin. Ngati nthawi yachepa chifukwa mwana kapena mayi ali pangozi, mankhwala abayidwe pomwepo pamene mukukonzekera, koma asachedwetse opaleshoni.

Pa opaleshoni zambiri munthu wamkulu timampatsa cefazolin wa magalamu 2 kudzera m'mtsempha, ndipo timabwereza pokhapokha opaleshoni yapitirira maola anayi kapena wodwala wataya magazi opitirira mamililita 1,500. Malangizo a WHO opewera matenda a mabala a opaleshoni, amene anatuluka m'chaka cha 2016, amanena mosapsatira kuti antibayotiki woteteza asapitirizidwe opaleshoni ikatha. Masiku asanu a ceftriaxone amene mwawonjezerawo akungophunzitsa tizilombo kupirira mankhwala amene tidzawafune mawa pa mwana wodwala matenda oumitsa khosi, ndipo akutipatsa chitonthozo chabodza chakuti tachitapo kanthu.

Ndiwonjezere kuti ndondomeko yofunsana mafunso mu theatre imene WHO inakhazikitsa m'chaka cha 2008 ili ndi funso lenileni limeneli, lofunsidwa mokweza mawu mpeni usanagwire ntchito: kodi antibayotiki waperekedwa m'mphindi 60 zapitazi? Pamene ndondomekoyi inayesedwa m'zipatala zisanu ndi zitatu za m'mayiko osiyanasiyana, zotsatira zimene zinasindikizidwa mu 2009 zinasonyeza kuti mavuto akuluakulu otsatira opaleshoni anatsika kuchoka pa odwala 11 kufika pa 7 mwa 100 alionse, ndipo imfa zinatsika kuchoka pa 15 kufika pa 8 mwa 1,000 alionse. Koma pepala limenelo limagwira ntchito likamawerengedwa anthu onse atayima n'kumvetsera, osati likamachongedwa ndi munthu mmodzi pakona wodwala atapita kale kuwodi.

Clinical officer wa chipatala cha boma laling'ono

A Dokotala, ndikulemekeza zimene mwafotokoza, komabe mundilole nditsutseko pang'ono. Amayi amene ife timawachita opaleshoni safanana ndi amene amasungitsa tsiku lawo pasadakhale. Ambiri amafika atavutika pobereka kwa tsiku lathunthu kapena kupitirira, nsupa inasweka kalekale, ayezedwa njira kambirimbiri ndi manja osiyanasiyana, ndipo ena magazi ndi ochepa. Mayi wotereyu ndingamubaye bwanji jakisoni mmodzi n'kugona tulo? Ine mantha anga ndi akuti tikaleka mankhwala a masiku angapo, tidzaona amayi akutupa mimba yonse, osati bala lokha.

Dokotala wa opaleshoni

Mantha anu ndi omveka achimwene, ndipo sindikuwapeputsa. Tisiyanitse zinthu ziwiri zimene timakonda kuziphatikiza: kuteteza ndi kuchiza. Mayi amene wafika thupi likutentha, madzi akununkha, chiberekero chikupweteka pochikhudza kapena chitang'ambika, ameneyo wadwala kale, ndipo ayenera kulandira mankhwala ochiza mokwanira, olembedwa bwino pamodzi ndi chifukwa chake ndiponso tsiku lowaunikanso. Za ameneyo sitikutsutsana. Chimene ndikukana ndi lamulo lakuti aliyense wolowa mu theatre, ngakhale amene alibe chizindikiro chilichonse cha matenda, alandire masiku asanu. Kwa amayi amene nsupa inasweka kale pali chinthu china chosavuta chimene ambiri timachiiwala, chimene ndi kutsuka njira ya mayi ndi mankhwala otsukira opha tizilombo a povidone-iodine kwa kanthawi kochepa opaleshoni isanayambe. WHO imalangiza zimenezi, ndipo phindu lake limaoneka kwambiri kwa amayi a mtundu umene mwatchulawo.

Namwino wamkulu wa mu theatre

Ine ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma ndaona kuti nkhani yonse yakhazikika pa jakisoni, pamene m'zaka zimene ndagwira ntchito mu theatre ndaona mabala akuwonongeka chifukwa cha zinthu zimene palibe amazilemba m'fayilo. A Sisita, ndili ndi mafunso awiri. Loyamba, kodi amayiwo amametedwa ndi chiyani, ndipo amametedwa liti? Lezala imasiya timabala ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, ndipo mayi akametedwa madzulo kuti achitidwe opaleshoni m'mawa, tizilombo timakhala titaswana usiku wonse m'timabala timeneto, pamalo enieni amene mpeni udutse. Ngati tsitsi silikutchinga, lisiyeni. Ngati likutchinga, lidulidwe ndi makina ometera kapena sizasi nthawi yochepa opaleshoni isanayambe.

Funso lachiwiri ndi lalikulu koposa: kodi munayamba mwagwirapo phukusi la zida kapena la nsalu likangotuluka mu autoclave, makina ophera tizilombo pa zida ndi nthunzi yotentha? Pitani mawa m'mawa, mutembenuze phukusi limene lili pansi pa onse, muliyike pakhungu la kuseri kwa dzanja lanu. Mukamva chinyezi, kapena mukaona madontho a madzi m'thireyi ya zida, phukusi limenelo si loyera ayi, ngakhale tepi yoyezera ya kunja kwake itasintha mtundu, pakuti nsalu yonyowa imakoka tizilombo kuchokera kunja kulowa mkati monga momwe chingwe cha nyali chimakokera mafuta. Tepi ya kunja imangotiuza kuti phukusi linadutsa pamoto, koma siitiuza kuti nthunzi inafika pakati penipeni. N'chifukwa chake timayika kapepala koyezera mkati mwa phukusi lililonse.

Zida zokulungidwa zimafuna kutentha kwa madigiri 121 kwa mphindi 30, kuwerenga kuyambira pamene kutenthako kwafika, osati pamene mwayatsa makina, ndipo pambuyo pake zimafuna nthawi yokwanira youma. Tsiku likachuluka odwala, chiyeso chimakhala chodzaza makinawo mothinitsa kuti zonse zilowe ulendo umodzi, kenako n'kutsekula chitseko msanga chifukwa dokotala wayima pakhomo akufunsa zida. Pepani madokotala muli pano, koma zimenezi zimachitika, ndipo amene amagwira ntchito ku autoclave nthawi zambiri amakhala wamng'ono paudindo moti sangathe kukuuzani kuti dikirani.

Dokotala wa opaleshoni

Mayi, mwanena zoona, ndipo amene amayima pakhomoyo nthawi zina ndimakhala ine ndemwe. Ndiwonjezereko chimodzi chokhudza zida. Kafukufuku wotchedwa ChEETAh, amene anachitika m'mayiko asanu ndi awiri kuphatikizapo Rwanda, Ghana, Nigeria ndi India ndipo anasindikizidwa mu 2022, anapeza kuti kusintha magolovesi ndi zida musanayambe kutseka mimba kunachepetsa matenda a bala kuchoka pa odwala pafupifupi 19 kufika pa 16 mwa 100 alionse. Kafukufukuyu anakhudza opaleshoni zina za m'mimba, osati yotulutsa mwana, choncho tisamukokere kutali, koma nzeru yake ndi yomveka: dzanja limene lalowa m'chiberekero chodetsedwa lisasoke khungu ndi golovesi yomweyo. Ine ndimapatula zida zochepa zotsekera pambali pa thireyi, n'kuziphimba mpaka nthawi yake itakwana.

Wa ku famase

Ndingothirirapo ndemanga pa nkhani ya nthawi ya jakisoni. Kumene ndimagwira ntchito tinapeza kuti anthu sankachedwa chifukwa chosadziwa, koma chifukwa mankhwalawo ankasungidwa m'kabati ya kuwodi, ndipo usiku makiyi ankakhala ndi namwino mmodzi amene mwina ali kochembeza mayi wina. Tinasamutsira mankhwala ochepa m'kabati ya ogonetsa odwala mu theatre momwemo, ndi kabuku kolembamo dzina, mlingo ndi nthawi, ndipo tinagwirizana kuti udindo wobaya ndi wa wogonetsa, pa nthawi imene akuyika diripi asanabaye jakisoni wa pamsana. Ntchito ikakhala ya aliyense, aliyense amaganiza kuti mnzake wachita kale.

Wogonetsa odwala ku theatre

Udindo umenewo tiulandira ndi manja awiri. Ndingokumbutsa kuti tizifunsa kaye ngati mayi anayamba wadanapo ndi penicillin, komanso kuti tisamamusiye akunjenjemera ndi kuzizira patebulo, chifukwa thupi likazizira mitsempha ya pakhungu imafinyika ndipo bala limalandira mpweya wochepa.

Sisita wa wodi ya amayi obereka

Akuluakulu, papita masabata asanu ndi limodzi chilembereni, ndipo ndabwera kudzapereka lipoti. Tsiku lotsatira ndinapitadi ku autoclave pamodzi ndi a Matroni, ndipo phukusi lachitatu limene ndinatembenuza linali lonyowa pansi moti linasiya chizindikiro patebulo. Mnyamata wogwira ntchito kumeneko anatiuza kuti chichokereni pamene makina achiwiri anawonongeka, wakhala akupanikiza katundu wa maulendo awiri mu ulendo umodzi, ndipo mphira wa pachitseko unali utang'aluka moti nthunzi inkatulukira pambali. Nthawi imene anatchula ikugwirizana ndendende ndi mwezi umene mabala anayamba kutivuta. Mphira wasinthidwa, katundu akulowa pang'onopang'ono, ndipo a Matroni amupatsa mphamvu yobweza phukusi lililonse lonyowa ngakhale amene akulifuna atakhala dokotala wamkulu.

Malezala tawachotsa m'wodi. Antibayotiki tsopano akubayidwa ndi ogonetsa mu theatre, ndipo pafomu tawonjezera mabokosi awiri oyandikana, lina la nthawi ya jakisoni, lina la nthawi ya mpeni, kuti aliyense woyang'ana aone msanga ngati zasemphana. Za masiku asanu zija zinavuta kuzithetsa, chifukwa mmodzi wa madokotala athu anali ndi mantha ofanana ndi a anzathu a clinical officer, koma tinagwirizana kuti wofuna kupitiriza mankhwala azilemba chifukwa chake m'fayilo, ndipo chiwerengero cha olandira chatsika chokha.

Amayi obwerera ndi mafinya achepa moonekeratu, ngakhale sindikufuna kuthamangira kusangalala, popeza tasintha zinthu zingapo nthawi imodzi ndipo masabata asanu ndi limodzi ndi ochepa. Chimene chikundidetsa nkhawa tsopano ndi chakuti matenda a bala amawerengedwa mpaka tsiku la 30, pamene ife timangodziwa za okhawo amene abwerera kwa ife. Tayamba kulemba nambala ya foni ya mayi kapena ya womudikirira kuti tiziwayimbira pa tsiku la 10 ndi la 30, koma ena foni alibe ndipo ena sayankha. Ngati alipo amene ali ndi fomu yachidule ya mafunso ofunsa pafoni, kapena njira yolumikizana ndi zipatala zing'onozing'ono kumene amayiwa amakachotsetsa ulusi, chonde nditumizireni Lachisanu lisanafike, chifukwa tsiku limenelo tili ndi msonkhano wa komiti yopewa matenda.