Bwana akuti za lizi ya makina tisamatchule

Wachilendo pantchito: Anzanga ogulitsa makina olipirira pa khadi kuno ku America, ndigawireni nzeru. Bwana akuti kwa eni mashopu, pa ndalama imene azidulidwa akagulitsa pa khadi, tizingoti "1.5%", asaine pa tabuleti, za lizi (mgwirizano wobwereka makinawo molipira mwezi ndi mwezi) pakamwa tseke. Wamalonda akasiya mgwirizano msanga, komishoni amatilandanso. Ntchito yotereyi tiigwire bwanji osanamiza anthu?

Wa ku Dallas: Achemwali, 1.5% imeneyo ndi ya gulu lotsikitsitsa la tiered pricing (mitengo yogawa makhadi m'magulu), lotchedwa qualified. Makhadi a rewards (opatsa mwini khadi mphotho) ndi a makampani amagwera m'magulu odula. Pemphani wamalondayo statement (chikalata cha zimene wagulitsa pa khadi ndi zimene wadulidwa) ya mwezi wathunthu, muwonkhetse zonse zimene anamudula, mugawe ndi zonse zimene anagulitsa pa khadi. Akadulidwa $600 pa $20,000, ndiye kuti akulipira 3%. Interchange, ndalama yopita ku banki imene inapereka khadi, amaika ndi Visa ndi Mastercard, bwana wanu sangaitsitse. Chomwe chingatsike ndi kaphindu ka kampani kapamwambapo, n'chifukwa chake interchange-plus (kulipiritsa interchange ndi kaphinduko padera) ili bwino: kaphinduko kamaonekera poyera.

Mayi wa ma statement: Msampha weniweni ndi liziyo. Nthawi zambiri imakhala ya kampani ina, miyezi 48, yosathetseka, ndipo mwini shopu amasaina personal guarantee, lonjezo loti adzalipira yekha shopu ikalephera. Werengani nokha: $59 pamwezi kwa miyezi 48 ndi $2,832, pa kamakina kogulika ndi madola mazana ochepa chabe. Shopu ikatsekedwa, ngongole imamutsata mwiniyo kunyumba. Boma la New York linasumira kampani ya lizi ya Northern Leasing Systems mu 2016 pa nkhani zangati zimenezi.

Wa ku Dallas: Musaiwale za PCI, malamulo oteteza zinsinsi za makhadi. Wamalonda akapanda kuyankha mafunso a SAQ (fomu yodzifufuza ngati akutsatira malamulowo), amamulipiritsa mwezi ndi mwezi, iye osadziwa n'komwe.

Mkulu wa residual: Mwanawe, dzitetezeni kaye. Lamulo lililonse la bwana mumufunse pa imelo, yankho mulisunge. Pa fomu pasakhale mpata wosalemba wamalonda asanasaine. Ena amadzadzamo ndalama pambuyo pake, dzina la wogulitsa n'kukhala lanu. Mumuwerengere ndalama yothetsera mgwirizano, kope mumusiyire. Mu 2022 kampani yoyendetsa malipiro a pa khadi ya First American Payment Systems inavomera kulipira $4.9 miliyoni pa mlandu wa FTC, bungwe la boma la America loteteza ogula, wokhudza ndalama zobisika ngati zimenezi.

Wachilendo pantchito: Zikomo bambo. Nanga komishoni yolandidwa ija?

Mkulu wa residual: Onani mgwirizano wanu: kulandako kumatha pakapita miyezi ingati, ndipo residual (gawo limene mumalandira mwezi ndi mwezi pa zogulitsa za wamalonda wanu) imapitirira mukasiya ntchito? Schedule A (ndandanda ya mitengo yowerengera gawo lanulo) akakana kukuonetsani, yambani kufunsira ku ISO ina, kutanthauza kampani ina yogulitsa ntchito zolipirira pa khadi.