Pogona pa Dedza, ndithandizeni nzeru

Abale anga a kuno ku Kasungu, makamaka inu oyendayenda pa msewu wa M1, ndili ndi funso. Mwezi wa June tikupita ku chinkhoswe ku Zomba pa galimoto yathu, ndipo tatenga agogo. Iwowa msana sawalola kukhala pampando tsiku lonse, ndiye taganiza zoti tikadutsa Lilongwe tikagone pa Dedza, m'mawa mwake n'kupitirira cha ku Ntcheu ndi Balaka.

Chikundidetsa nkhawa ndi chisanu. Tawuni ija ili m'munsi mwa phiri, pamalo okwera kwambiri, ndipo June ndiye mwini wake wa mphepo. Ife a kuchigwa cha fodya kuno tinazolowera kutentha. Kodi alipo akudziwa malo ogona aukhondo, okhala ndi madzi otentha osamba komanso mabulangete okwanira, pamtengo woti munthu wamba n'kukwanitsa? Masitepe ambiri ayi, agogo sangakwere. Pakhalenso mpanda woti galimoto igone bwino.

Ana nawonso akuvuta kuti akaone zojambula zakale za pamiyala ku Chongoni, zija UNESCO inaziika m'gulu la malo ofunika padziko lonse mu 2006. Kodi msewu wake galimoto yaing'ono ingafike, nanga wotilondolera timam'peza kuti? Ku Dedza Pottery kokha ndiye tikaima ndithu, mayi a kunyumba akufuna makapu.

Nanga kachewere tikagule pa Bembeke kapena tidikire pa Lizulu?