Kusintha dzina la banja kuno ku Harare: mpaka kukhoti kodi?

Wa ku Mufakose:

Abale, ndigawireniko nzeru. Pali ana awiri a bere limodzi, mnyamata wa zaka 24 ndi mlongo wake wa zaka 16, onse obadwira kuno ku Harare. Dzina la banja limene lili pa setifiketi zawo za kubadwa si mfunda wa kwawo ayi, ndi dzina loyamba la agogo awo, limene kalaliki wa pa famu analilemba ngati la banja pamene agogowo anabwera kuchokera ku Dedza. Tsopano akufuna kubwerera ku dzina lawo lenileni, Phiri. Ena akuti apite kwa majisitireti kukhoti la ku Rotten Row, ena akuti kalata yolumbirira ya kupolisi ndi yokwanira. Choona ndi chiti? Nanga wa zaka 16 angayendetse yekha nkhaniyi?

Achimwene a ku Highfield:

Mbali zonse ziwirizo zikukusokeretsani. Ku Zimbabwe munthu wamkulu sasowa chigamulo cha khoti kuti asinthe dzina la banja, komanso kalata yolumbirira payokha siisintha kanthu m'kaundula. Nkhaniyi ili m'gawo 18 la lamulo la Births and Deaths Registration Act, Chapter 5:02, ndipo njira yake ndi chikalata chotchedwa notarial deed.

Mnyamatayo apite kwa loya amene alinso notary public, ndiye kuti loya wololedwa mwapadera kulemba ndi kutsimikizira zikalata zotere. Apa ndi pamene ambiri amataya ndalama: si loya aliyense amene ali notary, ndipo commissioner of oaths (wolumbiritsa anthu pa makalata), kaya wa kupolisi kaya wa m'tauni, ndi udindo wina. Afunse asanalipire kalikonse, ndipo ngati akukayika, a bungwe la maloya la Law Society of Zimbabwe amatsimikizira ngati loyayo ali m'kaundula wawo. Atenge setifiketi ya kubadwa yaitali ija, yosonyeza maina a makolo, pamodzi ndi chitupa, zenizeni osati mafotokope okha.

Loyayo amalemba chikalata chonena kuti uje akusiya dzina lakuti, ndipo kuyambira lero azidziwika ndi dzina lakuti pa zochitika zonse. Mwini wake amasaina pamaso pa notary ndi mboni. Kenako kusinthako kumalengezedwa mu Government Gazette, nyuzipepala ya zilengezo za boma imene imatuluka Lachisanu, ndipo maloya amaikanso chilengezo m'nyuzipepala monga The Herald. Chikalatacho chimakalembetsedwa ku Deeds Office, ofesi ya boma yolembetsa zikalata zotere, n'kubwerako ndi nambala ndi chidindo. Akakhala ndi ziwirizo, deed yolembetsedwa ndi tsamba la Gazette, m'pamene apite ku Civil Registry, ofesi ya setifiketi za kubadwa ndi zitupa ya ku Makombe Building, kukapempha kuti dzina latsopano lilowe m'kaundula wa kubadwa. Dzina lakale silifufutidwa m'buku lawo, ndipo nambala ya chitupa imakhala yomweyo.

Chimene chimabweza anthu kawirikawiri ndi kalembedwe. Maina athu anthu a kuno amawalemba mmene akuwamvera: Phiri amasanduka Piri, Chirwa amasanduka Chilwa, Mwale amasanduka Mwali. Chilembo chimodzi chikasiyana pakati pa deed, Gazette ndi setifiketi ya kubadwa, ofesala sangalandire, ndipo chilengezo chimayenera kubwerezedwa, ndalama zinanso. Awerenge yekha chilembo ndi chilembo, dzina lakale ndi latsopano lomwe, pepala lisanapite kosindikiza. Gazette ikatuluka agule yakeyake n'kusunga tsamba lonse losonyeza deti, asadule kachigawo ka dzina lake kokha.

Pa mtengo, afunse loya amulembere padera malipiro ake, ndalama za chilengezo ndi za ku Deeds Office, kuti adziwe ngati zonse zili m'kati mwa mtengo umene wamuuza.

Amayi a ku Dzivarasekwa:

Ndiwonjezere za mtsikanayo, chifukwa apa m'pamene khoti limatha kulowa. Kukhala ndi chitupa pa zaka 16 sikumusandutsa wamkulu. Mwalamulo aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, choncho amene amaonekera kwa notary ndi kholo kapena womulera wovomerezeka ndi lamulo, m'malo mwa mwanayo. Mchimwene wake sangamusainire chifukwa chongoti ndi wamkulu pakhomo.

Ngati bambo awo ali moyo ndipo nawonso akugwiritsa ntchito dzina lolakwikalo, chanzeru n'choti bambowo asinthe lawo n'kutchula mtsikanayo m'chikalata chomwecho, dzina lake lonse ndi tsiku lobadwa. Mwana wosatchulidwa m'chikalata sasintha dzina chifukwa choti atate ake asintha. Wa zaka 24 uja sangakwere nawo pamenepo, ayenera kuonekera yekha ndi kusaina yekha.

Makolo akamvana, khoti palibe. Koma mmodzi akakana, kapena ngati onse anamwalira ndipo palibe amene anapatsidwa udindo wolera mwalamulo, nkhani imayenera kuyamba yapita kubwalo. Gawo 81 la malamulo oyendetsera dziko a 2013 limati High Court ndiye mtetezi wamkulu wa ana onse, ndipo woweruza amayang'ana chokomera mwanayo, osati kuti wapambana mkangano ndani pakati pa akuchimuna ndi akuchikazi. Pa msinkhu wa zaka 16 maganizo a mwana amamvedwa ndithu. Ngati kholo linamwalira, setifiketi ya imfa ikhale m'manja. Amene alibe ndalama za loya angayambe wafunsa ku Legal Aid Directorate, ofesi ya boma yothandiza osauka pa nkhani za malamulo.

Ine ndinganene kuti ngati pali kukokana m'banja, ndi bwino mtsikanayo angodikira zaka ziwirizi. Akakwanitsa 18 adzasaina yekha popanda kupempha chilolezo kwa aliyense, ndipo zidzatsika mtengo kusiyana ndi mlandu wa ku High Court.

Wa ku Mufakose:

Zikomo kwambiri, Achimwene ndi Amayi. Bambo ndi mayi awo ali moyo ndipo akugwirizana nazo. Koma mtsikanayo akulemba O Level chaka chamawa. Ayambe pano kapena adikire mayeso?

Malume a ku Mbare:

Ngati makolo akugwirizana, ayambe pano, dzina lisanatumizidwe ku ZIMSEC, bungwe loyendetsa mayeso. Sukulu imalembetsa ana mayeso potsatira setifiketi ya kubadwa, ndiye setifiketi yatsopano ikafika kwa ahedi nthawi yolembetsa isanatseke, zotsatira zidzatuluka ndi dzina la Phiri. Zikachedwa si kuti zaonongeka, kungoti moyo wake wonse azidzaonetsa deed pambali pa setifiketi ya mayeso pofunsira ntchito kapena malo ku koleji. Mnyamatayo zimenezi zamugwera kale, choncho achititse mafotokope angapo a deed otsimikizidwa ndi chidindo, chenicheni chizikhala kunyumba.

Asanapite kwa loya, ayambe wafunsa ku Registry ngati nkhani yawo ndi kusintha dzina kapena kukonza cholakwika. Ngati chitupa cha bambo chili ndi dzina loona ndipo amene analakwitsa ndi wolemba setifiketi ya mwana, kumeneko n'kukonza chabe, kumachitikira ku Registry komweko ndi umboni wa zikalata za makolo. Kusintha dzina loyamba lokha nakonso kumapemphedwa kwa Registrar General, mkulu wa Registry, popanda deed. Koma monga mwafotokozera, dzinalo linalowa m'mapepala kuyambira kwa agogo, ndiye deed sangaithawe.

Musasakanize nkhaniyi ndi ya unzika. Ngati chitupa cha bambowo chikadali ndi mawu akuti alien (mlendo, wosakhala nzika), kusintha dzina sikuwachotsa. Gawo 43 la malamulo a 2013 limazindikira ngati nzika yobadwa munthu amene anabadwira muno malamulowo asanalengezedwe, kholo lake lili nzika ya dziko la SADC monga Malawi, iyeyo akukhala muno pa nthawiyo. Pempho limenelo ndi lapadera, ndipo kuli bwino kulimaliza kaye kuti chitupa chisasinthidwe kawiri.

Setifiketi ya kubadwa ikatuluka, chotsatira ndi chitupa, kenako pasipoti, chifukwa chilichonse chimadalira chinzake. Asagule tikiti ya ndege m'dzina latsopano pasipoti ikadali yakale. Zikatero apite kubanki, kuntchito, ku NSSA (za penshoni), ku ZIMRA (za misonkho), kwa a laisensi yoyendetsera galimoto, kukampani ya foni chifukwa cha EcoCash (ndalama za pa foni), ndi ku ZEC (za chisankho). Ngati bambowo nawonso asintha dzina ndipo ali ndi nyumba, kaya ya title deed kaya ya kukhonsolo, loya yemweyo akonzenso mapepala a nyumbayo, apo ayi ana adzavutika kwa Master of the High Court, ofesi yoyang'anira chuma cha omwalira, pa nthawi yogawa chuma cha masiye, chitupa chikunena Phiri nyumba ikunena dzina lina. Ngongole ndi milandu yakale zimamutsatirabe munthu pa nambala ya chitupa ija.