Thandizeni abale, dokotala wa nsagwada amapezeka kuti?

Membala wobisika: Admin ndibiseni dzina chonde, pagulu pano pali azilamu anga. Amuna anga anatupa tsaya lakumanzere, apa m'munsi mwa nsagwada. Zinayamba ndi dzino lakumapeto. Tinapita pa kachipatala kena kolipira, anazula, ndalama yake ndinachita kutapa pa fizi ya mwana. Dzino linachoka, kutupa osaphwa. Titabwererako anangotipatsa Amoxicillin ndi Brufen. Ulendo wachitatu akuti izi si zathu, kapezeni wa maxillofacial. Mawu amenewo ndinachita kupempha kuti andilembere kuseri kwa buku lakuchipatala. Apongozi anga akuti ndine ndawalodzera mwana wawo chifukwa cha poloti, chonsecho poloti ija ndinagula ndekha ndi ndalama za banki m'khonde. Mlamu wanga anabwereka mbaula chaka chatha mpaka lero, koma pa WhatsApp ya banja ndiye woyamba kulemba "tikupempherera achimwene". Bambowa pano nsima akuchita kuifewetsa ndi msuzi, chimanga chootcha anasiya. Dokotala ameneyu amapezeka kuti? Zimafuna zingati?

Mayi a Mapasa: Pepani asisi. Koma muli boma liti?

Mjoni Wakale: Mayi musataye nthawi. Pezani pasipoti, kwerani basi, bwerani ku Johannesburg. Ine akuba anandithyola nsagwada ndikuchokera kuntchito usiku. Anandimanga mano ndi waya masabata 6, ndimangomwa maheu ndi supu pa sitilo, kuyankhula ngati ndaluma nsanza. Lero ndikuswa mafupa a nkhuku. Ku chipatala cha Charlotte Maxeke kuli madokotala a mano a yunivesite ya Wits, ntchito yawo ndi imeneyi. Kumudziko mungochedwa.

Mnyamata wa Kabaza: Kkkk akulu, munthu watapa fizi kuti azule dzino limodzi, inu mukuti pasipoti?

Mjoni Wakale: Moyo ndi fizi chofunika n'chiyani? Ndi chifukwa chake simutukuka.

Gogo wa ku Ntcheu: Madzi ofunda othira mchere, azichukucha m'mawa ndi madzulo. Adyo aziika pamene panali dzinopo. Ife takula nazo zimenezi.

Wazamano: Mayi, ndimagwira ntchito ya mano, ndine dental therapist. Tiuzeni kaye, kutupaku kwatenga nthawi yaitali bwanji? Kukupweteka? Akutentha thupi? Ngati kwatupa masiku ochepa chabe, kukutsikira kukhosi, akulephera kumeza malovu kapena kuyasamula, musadikire kuti kuche. Amenewo amakhala mafinya, ndipo amatha kutseka njira ya mpweya. Pitani kuchipatala lero lomwe.

Membala wobisika: Zikomo. Kutentha thupi ayi. Koma apongozi abwera dzulo ndi munthu wotema mphini, ine ndawabweza pageti, pano sakundiyankhula.

Nachisale wa pa Msika: Mwachita bwino kuwabweza. Koma mbaulayo kaitengeni, anthu otere sabweza. Wanga anatenga mpando wa pulasitiki pa maliro, papita zaka 3.

Mtumiki: Si matenda onse a jakisoni. Nkhani ya polotiyo ili ndi mzimu. Ndilembereni ku inbox.

Mjoni Wakale: Mzimu wa chiyani? X-ray imaonetsa mzimu? Inu ndi amene mumachedwetsa anthu mpaka chotupa chifike ngati papaya.

Mtumiki: Ndikukupemphererani bambo.

Mphunzitsi Wopuma: Pa mawu amenewa okha ndikugwirizana ndi a Mjoni. Mchemwali wanga anakhala ndi chotupa cha nsagwada chosapweteka, chimangokula pang'onopang'ono, mano n'kumagwedera okha. Tinazula awiri tisanadziwe kuti vuto lili m'fupa. Madokotala anati ndi ameloblastoma, si khansa, koma imadya fupa mkati ngati chiswe. Anachita kudula mbali ya nsagwada. Tikanapita msanga sakanadula pakulu choncho. Mpaka lero ndikaona chithunzi chake cha ukwati mtima umandiwawa.

Membala wobisika: Mayo ine, musandiopseze.

Wazamano: Musaope, sitinadziwe kuti n'chiyani. Njira yake ndi iyi: yambani ku chipatala cha boma lanu, mbali ya mano, akulembereni kalata yopita ku chipatala chachikulu. Kumwera ndi ku Queens ku Blantyre kapena Zomba Central, pakati ndi Kamuzu Central, kumpoto Mzuzu Central. Akatswiri a opaleshoni ya nsagwada ndi nkhope, a maxillofacial aja, ndi ochepa kwambiri m'dziko muno, ndiye amene akuonani koyambawo ndi amene angakuuzeni komwe ali ndi tsiku lomwe amaona odwala. Funsani za X-ray yotchedwa OPG, imajambula nsagwada yonse kuchokera khutu ili kufika linalo. Koma muli kuti? Ndipo zayamba liti?

Mjoni Wakale: Mwamva? "Ochepa kwambiri." Ndimanena ine. Kuno makina amenewo ali ngakhale m'ma surgery a m'mashopu.

Wophunzira ku KUHeS: Akulu muzitsatira nkhani za kwanu. Maphunziro a udokotala wa mano anayamba mu 2019 ku College of Medicine, yomwe pano ndi KUHeS, yunivesite ya maphunziro a zaumoyo. Kale onse amakaphunzira kunja. Zinthu zikusuntha.

Mjoni Wakale: Ndiye bambowa adikire mpaka iwe umalize sukulu?

Wophunzira ku KUHeS: Sindinatero ine.

Mnyamata wa Kabaza: Funso langa ndi lakuti amene anazula dzinoyo anali dokotala weniweni? Ena amangogula chovala choyera pa kaunjika.

Mayi a Mapasa: Zoona. Aliyense wogwira m'kamwa mwa munthu amayenera kukhala ndi chiphaso cha Medical Council of Malawi. Mukapita kolipira muziyang'ana pakhoma. Komanso asisi, asamangomwa Amoxicillin wogula pa golosale, mukakafika adzakufunsani zonse zomwe amwa. Tengani mapaketi ake ndi bukulo.

Gogo wa ku Ntcheu: Mchere uja musaiwale.

Wazamano: Mchere ndi wabwino pa bala la dzino, gogo, koma sufika m'fupa. Mphini ayi, kutsina ndi moto ayi. Ngati adzaona kuti ndi chotupa, amadula kanyama pang'ono kukapima ku labu asanaganize za opaleshoni. Mayi, ndikufunsanso kachitatu, miyezi ingati?

Membala wobisika: Pepani ndinali kuphika. Chiyambire ndi miyezi 5. Sakumva kuwawa kwenikweni, kungoti mlomo wam'munsi akuti wachita dzanzi.

Wazamano: Dzanzilo mukalinene poyamba penipeni mukangolowa. Pitani Lolemba m'mawa, musadikire malipiro a mwezi, ku chipatala cha boma simulipira. Muli boma liti kuti ndikuuzeni koyambira?

Mjoni Wakale: Miyezi 5! Akanakhala kuno bwenzi atachira kalekale. Basi imanyamuka pa Wenela, ndikhoza kukulandirani pa Park Station, koma mundigwirireko ufa wa mgaiwa ndi usipa.

Nachisale wa pa Msika: Kkkkk apa ndiye zaoneka, nkhani yonseyi ndi usipa.

Membala wobisika: Apongozi atumiza uthenga kuti akubwera mawa ndi ankhoswe.